Mmene mungaunikire filimu ya bajeti yochepa yonena za amuna awiri okondana amene asiyana

Kujambula chibwenzi chikutha si ntchito yovuta. Pamafunika chipinda chimodzi, osewera awiri odziwa ntchito yawo ndi mawu ochepa olasa mtima. Pamene opanga mafilimu ambiri amagwa m'pambuyo pake: miyezi ija imene wosiyidwayo amadzuka, n'kupita kuntchito, n'kubwerako, n'kugona, kufikira tsiku lina madzulo atazindikira kuti chidzukireni sanamuganizireko mnzake uja. M'miyezi imeneyi simuchitika chachikulu chilichonse, komatu kamera imafuna choti ione. N'chifukwa chake wounika filimu yotere, yopangidwa popanda makampani akuluakulu ndipo yonena za mwamuna amene wasiyana ndi mwamuna mnzake yemwe ankakondana naye, ayenera kugwira funso limodzi osalitaya: kodi kupola kwa mtima wa munthuyu takuona kukuchitika, kapena angotiuza kuti wapola?

Musanayankhe funsoli, dziwani kaye mmene filimu ya ndalama zochepa imapangidwira. Kupanda kutero mudzadzudzula zosayenera kudzudzula, n'kukhululuka zosayenera kukhululuka.

Ndalama ndi masiku

Tsamba limodzi la sikiripiti limapereka pafupifupi mphindi imodzi ya filimu. Ndiye kuti filimu ya mphindi 90 ili ndi masamba pafupifupi 90. Ngati ndalama zikulola masiku 18 okha ojambula, gulu liyenera kumaliza masamba asanu tsiku lililonse. Chigawo chilichonse amachibwereza kawiri kapena katatu basi, dzuwa lisanalowe kapena mwini nyumba imene abwereka asanabwere kudzatenga makiyi ake. Weekend ya Andrew Haigh, imene inatuluka mu 2011, inajambulidwa ku Nottingham m'masiku pafupifupi 17 ndi mapaundi pafupifupi 120,000. Moonlight ya Barry Jenkins inadya madola pafupifupi 1.5 miliyoni ndi masiku pafupifupi 25 ku Miami, koma inapata Oscar ya filimu yopambana zonse mu 2017. Kuchepa kwa ndalama pakokha si chowiringula.

Komabe pali zinthu zimene masiku ochepa amaziletsadi, ndipo chachikulu ndi nyengo. Nkhani ikunena kuti padutsa chaka, pamene kujambula konse kunatha m'masabata atatu, mitengo ili ndi masamba omwe aja, dzuwa likulowera pawindo lomwe lija. Tsitsi la wosewera silingakule, thupi lake silingaonde. Kuwonjezera apo, kawirikawiri sajambula motsatira nkhani koma motsatira malo: zonse za m'khitchini tsiku limodzi, zonse za pamsewu tsiku lina. Wosewera angasewere m'mawa tsiku limene anasiyidwa, masana n'kusewera munthu yemweyo patapita miyezi isanu ndi itatu, atangosintha malaya. Mukaona kuti kayendedwe kake, kapumidwe kake ndi liwiro la mawu ake zikusintha pang'onopang'ono kuchokera pa mphindi 30 kufika pa mphindi 80, dziwani kuti iye ndi dayirekita anakhala pansi n'kulemba pa sikiripiti pamene munthuyu wafika m'chigawo chilichonse. Ntchito imeneyo ndi yoyenera kuitchula mu ndemanga, chifukwa woonera wamba sangaizindikire.

Malo ochepa, kuwala kwa pawindo m'malo mwa magetsi ambiri, phwando lokhala ndi anthu asanu ndi awiri okha, zonsezi n'zokhululukira. Mawu osamveka ndi zigawo zongotalika popanda chifukwa sizokhululukira. Kulemba sikiripiti yabwino sikudula kuposa kulemba yoipa.

Kuonera kawiri

Ulendo woyamba onerani opanda cholembera, osaimitsa, foni ili kutali. Ikatha lembani zinthu zitatu zimene zatsala m'mutu. Ngati zonse zitatu zachokera m'theka loyamba, pamene awiriwo anali limodzi, ndiye kuti mwapeza kale pamene filimuyo ikutsimphina.

Nthawi zambiri filimu yotere imakufikirani pa linki ya screener, kope loonetsa ounika filimu isanatuluke, dzina lanu litalembedwa pa chithunzi kuti ikabedwa adziwe kumene yatulukira, komanso akuuzani tsiku ndi ola limene mungatulutse ndemanga. Lemekezani tsikulo. Funsaninso ngati imene akutumizirani ndi yomalizidwa, popeza ena amatumiza asanamalize kukonza mitundu ndi mawu. Ndipo musaweruze mawu a filimu pa masipika a laputopu. Valani mahedifoni abwino.

Ulendo wachiwiri ndi wa cholembera ndi wotchi. Lembani mphindi imene awiriwo akusiyana. Lembani mphindi imene mukuona chizindikiro choyamba chakuti wosiyidwayo wayamba kusintha. Werenganinso mphindi zimene ali yekha pa sikirini popanda womuyankhulitsa. Manambala atatu amenewa amaulula zambiri kuposa zimene opanga filimu alemba pa chikalata chotsatsira. Akasiyana pa mphindi 65 mu filimu ya mphindi 90, ndiye kuti ndi filimu ya chikondi chimene chikufa, ndipo zakupolazo azipanikiza m'mphindi 25 zotsalazo. Akasiyana pa mphindi 10, filimu ili ndi ngongole ina: sitinaone chikondicho, choncho sitikudziwa chimene munthuyu akulirira. Ngongoleyi amaibweza ndi zigawo zokumbukira zakale, ndipo apa ndi pofunika kuyang'anitsitsa. Zokumbukira zaulesi zimafanana zonse: kuwala kofiirira, awiri akuseka pabedi, mawu osamveka bwino chifukwa nyimbo yawaphimba. Anthu aliwonse akhoza kukhala mmenemo. Zokumbukira zogwira ntchito zimakhala ndi kanthu ka awiriwa okha, kankangano ka mmene wina amapindira thaulo, ndipo zikabweranso kachiwiri zimaonetsa mng'alu umene poyamba sitinauone. Munthu amene akupola amakumbukira mosiyana ndi mmene ankakumbukirira sabata yoyamba, ndipo filimu yodziwa zimenezi imasintha chokumbukiracho pamaso pathu.

Njira zachidule zimene muyenera kuzigwira

Yofala kwambiri ndi yosanjikiza tizithunzi tafupitafupi nyimbo ikuimba: akuthamanga m'mawa, akupenta khoma, akumeta tsitsi, akutaya makalata. M'mphindi ziwiri miyezi inayi yadutsa ndipo munthu wachira. Njirayi si yoletsedwa, ndi yotchipa ndipo imasunga masiku ojambula. Vuto ndi lakuti nyimbo ndi imene yagwira ntchito yonse. Yesani chonchi: tsitsani voliyumu n'kuoneranso. Ngati popanda nyimbo mukungoona munthu akupenta khoma, lembani zimenezo.

Ina ndi ya chibwenzi chatsopano chimene chikutulukira pa nthawi yake, munthu wopanda vuto, wopanda zofuna zake, amene ntchito yake ndi kumvetsera. Funsani kuti iyeyu akufuna chiyani pa moyo wake. Yankho likasowa, ndiye kuti wolemba sanalembe munthu, walemba mankhwala. Chimodzimodzinso mnzake wanzeru uja, kawirikawiri mkazi, amene amabwera ndi botolo n'kunena mutu wa filimu yonse m'chiganizo chimodzi.

Olemba ena amatsamira pa magawo asanu a chisoni amene dokotala wa za maganizo Elisabeth Kübler-Ross anafotokoza mu 1969: kukana, kukwiya, kunenerera, kutaya mtima ndi kuvomereza. Iye ankalemba za odwala amene akuyembekezera imfa, osati anthu amene chibwenzi chawathera, ndipo chisoni sichiyenda pamzere wotero. Filimu ikatsatira magawowa limodzilimodzi, mumatha kulosera chigawo chotsatira chisanafike. Yabwino imalola munthu kubwerera m'mbuyo: anali bwino kwa masabata atatu, kenako fungo la sopo m'nyumba ya munthu wina lamugwetsanso. Kuthamanga si kufika, ndipo filimu imene yathamangira pa kuvomereza imafika ilibe kanthu m'manja.

Nanga chimagwira ntchito n'chiyani? Kubwereza chinthu chimodzi chikusintha pang'ono. Tiyerekeze kuti pa mphindi 20 munthuyu watulutsa makapu awiri m'kabati mosaganiza, n'kuima atagwira yachiwiriyo. Pa mphindi 45 watulutsa imodzi, koma yatulukayo ndi ya mnzake uja, ndipo akumwera mmenemo. Pa mphindi 75 mlendo akumwera m'kapu yomweyo ndipo kamera siikuyang'ananso, ili cha pakona, yangokhala kapu. Palibe amene wanena mawu alionse okhudza kapu. Zigawo zitatuzi akhoza kuzijambula masana amodzi m'khitchini imodzi, choncho filimu yosauka ilibe chifukwa cholepherera kuchita zotere. Yang'anani zinthu ngati zimenezi: mbali ya bedi imene akugona, uthenga umene akulemba pafoni n'kuufufuta, njira imene amazungulira popewa msewu winawake. Mukazipeza, tchulani chimodzi mu ndemanga mwatsatanetsatane. Chitsanzo chimodzi chooneka chimaposa mawu khumi oyamikira.

Chimene chimasintha akakhala amuna awiri

Olemba ndemanga ambiri amakonda kunena kuti nkhaniyi ndi ya aliyense, chikondi ndi chikondi. Amanena ndi mtima wabwino, koma mawuwa amabisa ntchito imene filimu yagwira kapena yalephera kugwira. Yesani m'maganizo kusintha mmodzi wa awiriwo akhale mkazi. Ngati palibe chigawo ngakhale chimodzi chimene chingasinthe, mwina wolemba sanawayang'ane bwino anthu ake.

Pali zinthu zenizeni zimene zimasiyana. Ngati chibwenzicho chinali chobisika kwa achibale kapena kuntchito, kutha kwake nakonso n'kobisika. Munthu amapita kuntchito maso atatupa n'kunena kuti ndi chimfine. Mayi ake akamufunsa kuti, "Mnzako uja unkakhala naye nyumba imodzi ali kuti?" amayankha kuti anasamuka. Palibe womupepesa chifukwa palibe amene akudziwa kuti pali chopepesa. Chigawo chotere chimadalira nkhope ya wosewera pa masekondi awiri asanayankhe, ndipo wounika ayenera kuona ngati kamera yamupatsa masekondi amenewo. Chinanso, anzawo a awiriwa nthawi zambiri amakhala omwewo, malo okumanirana omwewo, makamaka m'tauni yaing'ono. Kusiyana ndi munthu mmodzi kungatanthauze kutaya gulu lonse limene linali ngati banja, kapena kumuona sabata iliyonse ali ndi wina. Ndiye palinso kutha kwa chibwenzi kumene kumachokera pa mfundo yakuti wina ali wokonzeka kudziwika kuti amakonda amuna anzake ndipo wina sali. Filimu yochenjera siimusandutsa wamanthayo kukhala mdani. Imationetsa chimene iye akanataya.

Koma musafune kuti filimu iliyonse ikhale ya kudziulula kapena ya tsankho. Mafilimu ambiri a masiku ano ndi a amuna amene aliyense amawadziwa, ndipo asiyana chifukwa cha ndalama, ntchito ya kutali, kusakhulupirika kapena kungotopetsana. Imeneyonso ndi nkhani yathunthu.

Mbiri ili ndi gawo lake pano, makamaka pa mathero. Malamulo a Hays olamulira zooneka m'mafilimu, amene Hollywood inayamba kuwatsatira mwamphamvu mu 1934, ankaletsa kuonetsa chikondi chotere poyera. Anawafewetsa mu 1961, n'kuwasiya mu 1968, koma chizolowezi cholanga atengambali oterewa chinapitirira. Buku la wolemba mbiri ya mafilimu Vito Russo la mu 1981 lili ndi mndandanda wa atengambali ambiri amene anafa m'mafilimu, ena ophedwa, ena odzipha. Pofika 1992, pamene wounika mafilimu B. Ruby Rich anatcha gulu la mafilimu atsopano oima paokha kuti New Queer Cinema, opanga mafilimu anali atayamba kunena nkhanizi m'njira yawoyawo, osapempha chifundo kwa aliyense. Owonera ambiri amalowa mu filimu yotere akudziwa mbiri imeneyi, ndipo amakhala tcheru kuona ngati atengambali oterewa akulangidwanso. Izi sizikutanthauza kuti mathero ayenera kukhala osangalatsa. Funso ndi lakuti chisonicho chachokera mwa anthu awiriwa ndi zosankha zawo, kapena wolemba wangogwetsa ngozi ya galimoto pa mphindi 80 kuti tilire.

Msampha wina ndi woyamikira filimu chifukwa chongokhalapo. Kulimba mtima kwa opanga n'koyenera kukutchula ngati anajambuladi m'malo oopsa, koma sikukonza sikiripiti yofooka. Kupereka nyenyezi zambiri mu ndemanga chifukwa cha chifundo ndi kunyoza kwa mtundu wina. Komanso si ntchito ya wounika kuyerekeza za moyo wamseri wa osewera. Ngati iwo sananene okha poyera, zisiyeni.

Zigawo za kuchipinda ziweruzeni ngati zigawo zina zonse: tadziwa chiyani chatsopano chikatha? Kukhudzana kwa awiri amene akusiyana kuyenera kusiyana ndi kwa awiri amene angokumana, ndipo usiku woyamba ndi munthu watsopano ukhoza kukhala woseketsa, wamanyazi kapena womvetsa chisoni. Kuyambira 2018, pamene kanema wa ku America wa HBO analamula kuti pa mapulogalamu ake pazikhala katswiri wokonza ndi kuyang'anira zigawo zotere, ntchitoyi yafalikira mpaka ku mafilimu ang'onoang'ono. Onani ngati dzina lake lili pa mndandanda wa kumapeto.

Khutu, kamera ndi lumo la edita

Filimu yosauka imadziulula msanga pa mawu kuposa pa chithunzi. Akajambula m'nyumba yeniyeni, firiji imalira, magalimoto amadutsa, ndipo maikolofoni yobisidwa m'malaya imakhuzana ndi nsalu awiriwo akakumbatirana, pomwe pali mawu ofunika kwambiri. Akalephera kukonza, wosewera amakabwereza mawuwo mu situdiyo, ndipo mumamva liwu louma limene silikugwirizana ndi chipindacho. Ojambula mawu odziwa ntchito amatenga masekondi 30 mpaka 60 a phokoso la chipinda aliyense atakhala chete, kuti edita adzatsekere mipata. Akapanda kutero, phokoso la kumbuyo limadumpha nthawi iliyonse kamera ikasintha. Mu filimu imene theka lake ndi munthu ali yekha m'nyumba, chete ameneyu ndi chida chachikulu. Mvetserani ngati nyumbayo ikumveka mosiyana mnzake atachoka.

Nyimbo yotchuka imafuna zilolezo ziwiri, cha amene anaipeka ndi cha mwini kaseti imene inajambulidwa, ndipo zonse n'zodula. N'chifukwa chake mumamva piyano imodzi kapena gitala ya mnzake wa dayirekita. Musadandaule za zimenezo. Dandaulani ngati nyimbo ikulowa nthawi iliyonse wosewera asanayambe kumva chilichonse.

Pa kamera, onani amene akupatsidwa nkhope pa nthawi yosiyana. Kamera ikakhala pa wosiyidwa yekha, filimu yasankha mbali. Ikawasunga onse m'chithunzi chimodzi osadula, imatisiya tisankhe tokha woti timuyang'ane, ndipo osewera alibe pobisala. Chithunzi chopanikizika cha 4:3 (m'lifupi poyerekeza ndi msinkhu) chimadzaza nkhope imodzi n'kuvutika kulowetsa anthu awiri, pamene chotambalala cha 2.39:1 chimasiya mpata waukulu pambali pa munthu amene watsala yekha. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zanzeru kapena zongodzionetsera. Chofunika ndi chakuti zikugwirizana ndi nkhani.

Samalani poyamikira wosewera pa ntchito ya edita. Wopanga mafilimu Lev Kuleshov anasonyeza kalekale ku Soviet Union kuti nkhope yomweyo, yopanda kusintha, imaoneka yanjala, yachisoni kapena yachilakolako malinga ndi chithunzi chimene chaikidwa pambuyo pake. Nkhope yachete ikatsatiridwa ndi mpando wopanda munthu, timaona kusungulumwa ngakhale wosewerayo ankangoyembekezera kuti amuuze kuti ayime. Luso lake lenileni liyeseni pa zigawo zazitali zosadulidwa, ndiponso pa nthawi imene akumvetsera wina akuyankhula.

Polemba ndemangayo

Mawu 600 mpaka 900 ndi okwanira. Nkhani ya filimu isadutse ndime imodzi. Kunena kuti awiriwo asiyana si kuulula chinsinsi ngati opanga akutsatsa filimuyo choncho, koma chifukwa chenicheni chosiyanira, ngati chikubwera mochedwa, ndi zimene zichitike akadzakumananso, zisiyeni. Mukhoza kunena kuti mathero anafika mofulumira kuposa mmene munthuyu anakonzekera, kapena kuti mphindi khumi zomaliza zikulipira zonse zimene filimu inalonjeza, popanda kunena chimene chachitika.

Chigamulo chanu chioneke m'ndime ziwiri zoyambirira, kenako muchiteteze ndi zimene munalemba ulendo wachiwiri uja. Tchulani mayina a edita, wojambula ndi wokonza mawu ngati ntchito yawo ndi imene mukuyamikira kapena kudzudzula. Pa filimu yaing'ono ndemanga imodzi ikhoza kuwapezetsa ntchito yotsatira, choncho yang'anani kalembedwe ka mayinawo kawiri. Ngati munaonera ndi mawu omasulira olembedwa m'munsi, nenani, chifukwa nthabwala ndi kusintha kwa ulemu pakati pa anthu awiri kumatayika mosavuta pomasulira, ndipo mwina chimene mukuchiona ngati kuuma kwa sikiripiti ndi kuuma kwa womasulira.

Timasamba ta mphoto, tizizindikiro tozungulira dzina la chikondwerero cha mafilimu pa chikalata chotsatsira, tiwerengeni bwino. Teddy ya ku Berlin, imene inayamba mu 1987, ndi Queer Palm ya ku Cannes, imene inayamba mu 2010, ndi mphoto zopikisanidwa za mafilimu a nkhani zoterezi. Kusankhidwa ku Frameline ku San Francisco, chikondwerero chimene chakhalapo kuyambira 1977, kapena ku BFI Flare ku London, kumasonyeza kuti akatswiri osankha anaikonda. Koma pali tizikondwerero tambiri ta pa intaneti timene timapereka masamba kwa pafupifupi aliyense amene walipira ndalama yolembetsera, ndipo masamba khumi ndi awiri a mayina osadziwika sanena kanthu. Lembaninso kumene munaonera ndi kutalika kwa filimu imene munaonayo, popeza ena amaidulanso ikachoka ku chikondwerero isanakafike kwa anthu, ndipo chigawo chimene mwachidzudzula kuti n'chotalika mwina owerenga anu sadzachipezamo.